A Sayirini ndi Mano a Giya

Dzina loti a Sayirini analitola kuchipatala, kumene anayendetsa ambulansi kuyambira ndevu zisanakhwime mpaka imvi zitamera. Anzawo ankati galimoto yawo inalibe nayo ntchito sayirini, chifukwa mwini wakeyo akasuzumira pawindo n'kukuwa kuti, "Choka pamenepo iwe!" msewu unkayera wokha. Anali bambo wamfupi, wa chifuwa chotakata ndi mtima wapachala. Ankakalipira apanjinga, ankakalipira maloboti, ankakalipiranso anamwino akachedwa kutsitsa machira. Koma ntchito ankaidziwa, ndipo pamenepo palibe ankatsutsa. Amayi ambiri oyembekezera anafika pabedi nthawi ikadalipo chifukwa cha phazi lawo lakumanja.

Phazi lomwelo ndi limene matenda a shuga anasankha. Kanayamba ngati kachilonda pachala, koti munthu n'kukaseka. Kanakana kupola, kanada, kanayamba kununkha, ndipo mapeto ake madokotala anadula mwendowo m'munsi mwa bondo, m'chipatala chomwecho chimene a Sayirini ankatulako anzawo. Ali gone m'wodi ankamva ambulansi yawo ikulowa pageti, ndipo ankadziwa ndi khutu lokha kuti dalaivala watsopano akuzunza kilatchi.

"Akuipha galimoto ija!" ankakuwa ali pabedi. "Anamupatsa laisensi ndi ndani ameneyu?"

Atatuluka m'chipatala, ukali wonse umene unkathera pamsewu unasowa kolowera, ndiye unadzaza nyumba. Ankakalipira wailesi, ndodo zoyendera, mwendo woikirira umene unkawasupula khungu, ngakhale mpando umene ankakhalira pakhonde. Anzawo akuntchito anabwera kudzawazonda poyamba, koma munthu sungamapite kukatukwanidwa dala, ndiye anayamba kuchepa. Akazi awo, mayi ofatsa amene anapirira nawo kuyambira pa utsikana, ankangoti, "Mukamaliza mundiuze, tiyi akuzizira."

Mwana wawo wamkazi anakwatiwa ndi bambo wokonza mafoni, munthu wolankhula ngati akuopa kudzutsa khanda. Mkamwiniyu ndi amene ankawanyamula apongozi ake kupita nawo kubafa masiku amene bala linali laliwisi, ndipo nkhaniyo sanaiuzepo munthu. Tsiku lina anabwera ndi katoni. M'katimo munali kagalimoto ka mpikisano koyendera batire, kotalika ngati mkono, ka matayala a mingaminga ndi kaphiko kumbuyo. Rimoti yake inali ndi kachiwongolero pambali ndi kofinya ndi chala.

"Apongozi, ndimati mwina kangamakutayitseniko nthawi," anatero mkamwini maso ali pansi. "Loweruka timakapikisana ndi anzanga kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu zija."

A Sayirini anayang'ana kagalimotoko, anayang'ana mkamwini, n'kuyang'ananso kagalimoto.

"Akamwini, anandidula mwendo, sanandidule mutu. Mwandiona ngati khanda? Mawa mundigulira thewera?"

Mkamwini anapepesa, koma katoniyo anaisiya pansi pa tebulo ngati waiwala.

Inakhala pomwepo mpaka tsiku lina akazi awo atapita kumsika. A Sayirini anati angoona kuti kachidoleko kali ndi chiyani. Atangofinya rimoti, kagalimoto kanathawa n'kukagunda mwendo wa kabati, mbale za pamwamba phwaa! Mbalezo sizinawawawe kwenikweni. Chinawawawa n'choti iwo, a Sayirini, amene sanakandepo ngakhale penti ya ambulansi, achite ngozi m'nyumba mwawo momwe ndi chidole. Anakakoka ndi ndodo n'kuyambanso. Posakhalitsa anali atadziwa kukazungulitsa miyendo ya mipando, kukalowetsa m'khitchini chambuyo, n'kukaimitsa pafupi ndi chala cha akazi awo osachikhudza.

"Mundipititse kumene mumachitirako zachibwana zanuzo," anamuuza mkamwini. "Ndikawaonetse kuyendetsa."

Bwalolo linali la dothi lolimba. Njira yake anaidula ndi mapaipi akale, yokhotakhota ngati matumbo, ndipo pakati panali timitumbira toti timagalimoto tizidumpha. Pambali panali nsanja ya matabwa ya makwerero opapatiza, pamene oyendetsa ankaima mondondozana ndi marimoti awo. Panali mphunzitsi, wowotcherera zitsulo, mayi wina wa kubanki ndi ena. Panalinso dokotala wa mano, bambo wamtali womwetulira nthawi zonse, amene kagalimoto kake kachikasu kankapambana Loweruka lililonse.

A Sayirini atafika pamakwerero anaima. Amuna awiri anathamangira kwa iwo.

"Bwerani, madala, tikunyamuleni."

"Munyamule ndani? Ndine thumba la simenti? Chotsani manja anu!"

Anakaima pansi, m'mbali mwa njira yowongoka, atatsamira ndodo. Tsikulo anali omaliza. Kachikasu kanawadutsa kangapo, mopanda phokoso, ngati munthu wodzipitira kwawo. Pobwerera anakalipa njira yonse.

"Mwandipatsa bulu, akamwini. Mota yake ndi yaulesi. Ine ndipikisane ndi anthu pa bulu?"

Lolemba m'mawa anali kale pa kashopu ka mkamwini, kachipinda kopapatiza kodzaza mafoni otsegula m'mimba ndi fungo la zowotcherera. Pansi pa kauntala mkamwini ankasunga kabokosi ka zipangizo za timagalimoto. Anayala mamota atatu pakansalu, onse ofanana kukula, ngati tizitini tating'ono.

"Kusiyana kwake kuli m'kati, apongozi. Iyi waya wake anamukulunga kambirimbiri. Siithamanga kwambiri, koma siitentha, ndipo imamvera chala. Iyi ndi yapakati. Iyi waya anamukulunga pang'ono. Imazungulira ngati yapenga, koma batire imamwa ngati madzi, ndipo imatentha."

"Imeneyo."

"Apongozi, bwalo lathu lija..."

"Ndati imeneyo. Nanga magiya?"

Mkamwini anatsanulira timagiya m'dzanja lake. Anafotokoza kuti kagiya kakang'ono kovala pa mota ndi kamene kamazungulitsa giya yaikulu yotembenuza matayala. Kakakhala ndi mano ambiri, kagalimoto kamathamanga kwambiri panjira yowongoka, koma kamanyamuka molemera, ndipo mota imavutika ngati galimoto yokwera phiri pa giya yomaliza. Kakakhala ndi mano ochepa, kagalimoto kamanyamuka msanga potuluka pakona, mota n'kumapuma bwino, kungoti liwiro lakumapeto limachepa.

"Mota yolusa imafuna kagiya ka mano ochepa, apongozi. Mukaipatsa ka mano ambiri, ndikuopa kuti ipsa."

"Akamwini, munayendetsapo galimoto yeniyeni, munthu akufa kumbuyo?"

"Ayi, apongozi."

"Ndiye mangani zimene ndanena."

Mkamwini anamanga. Nanga akanatani, munthu atafunsidwa choncho ndi bambo wa mkazi wake?

Loweruka limenelo kagalimoto ka a Sayirini kanachoka ngati chipolopolo. Panjira yowongoka kanadutsa tonse, kachikasu komwe, ndipo a Sayirini anakuwa mpaka nkhunda zinauluka padenga la nyumba zosungiramo katundu. Koma njira yowongoka imathera pakona. Kagalimoto kanalumpha paipi, kanagubuduzika, n'kugona chagada matayala akuzungulira m'mwamba. Atakadzutsa, matayala ankangopala dothi, mchira uku ndi uku. Mpikisano usanathe kanayamba kutsimphina, kenaka kanaima, ndipo kafungo ka waya wopsa kanafika mpaka pansanja. A Sayirini anagwira mota ndi chala n'kuchichotsa msanga. Chinatuluka thuza.

Dokotala wa mano anatsika akumwetulira.

"Madala, mukanachotsako mano angapo pa kagiyako. Mota ikamawotcha chala, ndiye kuti mukuipha."

"Muzikazula mano a anthu kuchipatala kwanuko! Anga ndi a galimoto yanga muwasiye!"

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunangosonkhezera moto. A Sayirini anaitanitsa mota ina yolusa chimodzimodzi, n'kukana kwamtuwagalu kusintha kagiya. Ankati yoyamba ija inali yodwala kale. Yachiwiriyo inapsa pamodzi ndi kabokosi kogawa moto kuchokera ku batire, utsi n'kufuka pamaso pa anthu onse. Pamenepo ndi pamene pakamwa panathamanga kuposa mutu. Anatembenukira mkamwini wawo, amene anali atagwada akuzimitsa ndi nsanza, n'kunena mokweza kuti bwalo lonse limve:

"Mukundigulitsa zinyalala dala! Mukufuna anzanuwa azindiseka! Mbava inu, kuba mwayambira apongozi anu omwe!"

Mkamwini anaimirira n'kupukuta manja. Anawaperekeza kunyumba monga mwa nthawi zonse, anawatsegulira geti, n'kupita. Amene anabwera madzulo ake anali mwana wawo wamkazi, ndipo iyeyu mtima anatengera bambo ake. Sanakhale n'komwe pansi.

"Ababa, mwamuna wanga mwamutcha mbava? Pagulu? Munthu amene ankakusambitsani, ana anu aamuna akuti atanganidwa? Anakuchenjezani kuti motayo ipsa, inu osamva. Mwendo anadula ndi madokotala, si iye ayi. Ngati mukufuna wokalipira, kakalipireni shuga!"

"Ukulankhula ndi ndani choncho?"

"Ndi inuyo! Ndipo pano sapondanso mpaka mudzaphunzire kugwira pakamwa panu."

Anamenyetsa chitseko mpaka kalendala inagwa pakhoma.

Mkamwini sanabweredi. Masiku amenewo a Sayirini ankakhala pakhonde ndi mota yopsa ija. Anaitsegula ndi kampeni, n'kupeza waya atada bii ngati khala. Anainunkhiza, anaitukwana, anaiponya m'maluwa, kenaka n'kuwauza akazi awo kuti akaitole. Mayiwo anakana. Inali nthawi yoyamba kuwakanira chinthu chichokereni kuchipatala, ndipo a Sayirini anakaitola okha akudumphira ndodo.

Loweruka litakwana anavala mwendo wawo n'kunena kuti akupita kubwalo ngakhale analibe choyendetsa, kuti anthu asati athawa. Popeza panalibe wina wowaperekeza, anapita ndi akazi awo, amene bwalolo anali asanalionepo. Mkamwini anali pansanja. Anawerama patali kupereka moni kwa apongozi ake aakazi okha. Mayiwo anaima pambali pa amuna awo n'kumaonerera. Patapita kanthawi anayamba kusuzumira uku ndi uku, kunyanyamphira, kupendeketsa khosi.

"Kodi bambo, timagalimototi tikapita kuseri kwa mitumbira uko, mumationa bwanji?"

"Sinditiona."

"Nanga mumakhota bwanji?"

"Ndimangoganizira."

Mayiwo anagwira siketi yawo n'kukwera makwerero. Anakhalako pang'ono, ndipo anatsika nkhope itasintha. Zaka zonse za banja lawo a Sayirini anali asanawaonepo akazi awo atakwiya pagulu.

"Bambo inu! Nthawi yonseyi mwakhala mukuyendetsa mwakhungu, n'kumatukwana mwana wa eni? Pamwambapo bwalo lonse likuoneka ngati mbale! Inu pano mukuona njira yowongoka yokhayi, n'chifukwa chake mukungolira liwiro. Mwadanitsa nyumba ziwiri chifukwa chokana kukwera matabwa awa?"

"Sindinyamulidwa ine!"

"Wati munyamulidwe ndani? Matako anadulanso?"

Wina anayamba kuseka, koma mayiwo anamutembenukira asanamalize.

"Nanunso! Amuna onse muli apa, wina wowotcherera, wina mphunzitsi, palibe anaganiza kuti munthu wa mwendo umodzi akwera bwanji? Mumangodikira utsi kuti museke?"

Dokotala wa mano kumwetulira kunamuthera.

A Sayirini anaponya ndodo pansi. Anakhala pa kwerero loyamba chofulatira, n'kuyamba kudzikankha ndi manja ndi mwendo wamoyo uja, chamatako, thukuta lili kamukamu, akutukwana kalipentala amene anakhoma makwererowo ndi amene anamuphunzitsa ntchito yemwe. Amene anayesa kuwagwira anamubweza ndi maso okha. Atafika pamwamba anagwira thabwa lotsamira n'kuimirira.

Anayang'ana nthawi yaitali. Njira yowongoka imene ankainyadira ija inali kachidutswa chabe. Kwina konse kunali makona okhaokha, ena opinda ngati chigongono, ena obwezera munthu kumene wachokera. Anayang'anitsitsa kachikasu kaja. Sikankathamanga kuposa tinzake. Kankangolowa pakona mofatsa n'kutuluka msanga, osakhudza paipi. Zimenezo a Sayirini ankazidziwa bwino. Ndi mmene iwo ankadutsira m'timisewu ta kumsika ndi wodwala kumbuyo, pa giya yachiwiri, phazi lili tcheru. Chinawapsetsa mtima koposa n'choti amene ankanena zoona anali wozula mano uja, ndi mkamwini amene sanayendetsepo galimoto yeniyeni.

Lolemba anafika pa kashopu kaja. Mkamwini anali ndi kasitomala, ndipo a Sayirini anadikira, chinthu chimene sichinali m'magazi mwawo. Kasitomala atapita, anakhosomola.

"Akamwini."

"Apongozi."

"Mota ya waya wambiri ija ilipo?"

"Ilipo."

"Ndi kagiya ka mano ochepa. Ndi kabokosi ka moto kena."

Mkamwini anatulutsa zonsezo osakweza maso. A Sayirini anayang'ana kudenga, anakalipira ntchentche, anasuntha ndodo.

"Mawu aja. Munthu wamkulu ngati ine kulankhula ngati chidakwa. Inu si mbava. Ndinanama, ndipo ndikanena pomwe paja pabwalo, onse akumva."

"Zinandiwawa, apongozi."

"Ndikudziwa kuti zinawawa! Ndanena kuti sizinawawe? Musandiyang'ane choncho, mangani galimoto!"

Anamanga limodzi, mitu itagundana pakauntala. Mkamwini anawaonetsa kulowetsa kapepala pakati pa kagiya ndi giya yaikulu asanalimbitse mota, kenaka n'kukasolola. Anati mano akalumana kwambiri mota imatentha, ndipo akatalikirana amagumuka. Anawauzanso kuti akayendetsa kwa kanthawi aziima n'kugwira mota. Chala chikapirira, zili bwino, mwina n'kuyesa kagiya koposa ndi dzino limodzi. Chala chikathawa, abwerere ku ka mano ochepa.

"Dzino limodzi lokha? Mpaka liti?"

"Mpaka chala chidzakane, apongozi."

"Ntchito ya anthu opanda chochita," anatero a Sayirini, koma timagiyato anatiika m'thumba la malaya.

Loweruka anachita zimene analonjeza, ngakhale kupepesa kwake kunamveka ngati akuzenga anthu mlandu.

"Tamverani nonse! Mkamwini wangayu si mbava! Ndinanama ndine! Amene anamva zija aziiwale lero lomwe!"

Anthu anavomera msanga ngati kuti ananena ndi iwo. A Sayirini anakwera chamatako n'kuima pakati pa mphunzitsi ndi mayi wa kubanki. Mpikisano utayamba, anzawo anawadutsa panjira yowongoka, iwo n'kumakukuta mano, akung'ung'udza kuti abwereranso pa bulu. Koma pamakona kagalimoto kankamvera. Kankalowa pamene akufuna, n'kutuluka kosaterereka. Anadutsa mphunzitsi pakona ya chigongono, anadutsa wowotcherera atagunda paipi. Anamaliza ali pakatikati, kumbuyo kwa mayi wa kubanki. Atatsika anagwira mota. Inali yofunda ngati kapu ya tiyi woiwalika.

Dokotala wa mano, amene anapambananso, anabwera ndi dzanja.

"Mwayendetsa bwino lero, madala."

"Musandiyamikire ngati mwana amene wasiya kulira pampando wanu uja. Ndikubwera."

Mwana wawo wamkazi anatenga nthawi kuti awalankhulenso bwinobwino, chifukwa mtima wake sumazizira msanga ngati wa mwamuna wake. Anayamba ndi kutumiza moni, kenaka anabwera yekha, akadali ndi nkhope ya mlandu, n'kuwafunsa ngati akumwa mankhwala.

Mpaka lero a Sayirini sanamugonjetse dokotala wa mano. Anakhalapo achiwiri tsiku lina mvula itanyowetsa bwalo, pamene anzawo ankangoterereka iwo atabwerera ku kagiya kochepetsetsa. Mota yapakati ija anaiyesa n'kuibweza, akuti imawanamiza. Akabwera watsopano ndi mota yolusa, amamukalipira asanatsegule n'komwe katoni, ndipo watsopanoyo samva, monga mmene zimakhalira.

Mawu a mayi aja anawakhala pamtima amuna a pabwalopo. Wowotcherera zitsulo anasonkhanitsa anzake n'kumanga njira yopanda makwerero yokwerera pansanja, ya chitsulo, yokhala ndi pogwira. Atamaliza anawaitana a Sayirini kuti ayambe ndi iwo kuiponda. Anakwera ataimirira, ndodo kutsogolo, anthu akuwomba m'manja. Atafika pamwamba anatembenuka n'kuyang'ana kumene achokera.

"Yaima kwambiri. Ine ndakwera chifukwa ndili ndi mwendo umodzi wamoyo. Nanga wa pa njinga ya olumala akwera bwanji apa? Mukufuna agwe chagada? Phwasulani, muitalikitse."

"Madala, tagwira ntchito tsiku lonse," anadandaula wowotcherera.

"Tsiku lonse kupanga chinthu cholakwika! Phwasulani!"

Anaphwasula. Mpikisano wa tsiku limenelo sunachitike. Mphunzitsi anagwira chitsulo, dokotala wa mano ananyamula mchenga, mkamwini anakoka chingwe cha magetsi, ndipo a Sayirini anakhala pampando pamthunzi, ndodo ili pamiyendo, akuloza.

"Iwe wowotcherera! Ukuwotcherera pamenepo, kapena ukumata ndi malovu?"